Kalata yotseguka: ndani ayenera kuyezetsa TB pofuna visa yotsatira mwamuna kapena mkazi ku UK

Kwa akuluakulu a Home Office, unduna wa ku UK woona za olowa m'dzikomo, ndi nthambi yake ya UK Visas and Immigration, kudzera ku ofesi ya Kazembe wa dziko la Britain ku Lilongwe, komanso kwa akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo m'Malawi.

Olemekezeka,

Takulemberani ife amene timathandiza maanja kukonza zikalata za visa, pamodzi ndi anzathu a zachipatala amene amagwira ntchito ya chifuwa chachikulu. Nkhani yathu ndi ya satifiketi ya TB imene Mmalawi wokwatira kapena wokwatiwa ndi munthu wokhala ku UK amafunika kukhala nayo, ndi funso limene aliyense amayamba nalo asanatulutse ndalama: "Kodi ineyo ndiyezetse, kapena ndili m'gulu la okhululukidwa?" Yankho lake lilimo m'malamulo anu. Koma silifika kwa anthu, ndipo kumene silifikako kumalowa mphekesera ndi madobadoba.

Kuyezetsako sitikukutsutsa. Chifuwa chachikulu chikadali pakati pathu ndipo chimapha. Kale anthu ankajambulidwa m'chifuwa atatera kale pa bwalo la ndege la Heathrow kapena la Gatwick ku UK. Kuyambira 2012 mudayamba kufalitsa ndondomeko yoyeza anthu asananyamuke m'maiko amene TB imagwira anthu oposa 40 pa 100,000 alionse, ndipo ntchitoyo idafika m'maiko onse a pa mndandanda mu 2014. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa yakale, chifukwa wopezeka ndi matenda amayamba mankhwala ali pakati pa abale ake. Dandaulo lathu ndi lakuti malire a kukhululukidwa sadziwika bwino, ndipo nthawi imene ndondomekoyi imadya imagwera kwambiri amayi oyembekezera ndi anthu amene adadwalapo TB n'kuchira.

Lamulo lenilenilo lili m'gawo lotchedwa Appendix Tuberculosis. Likuti wopempha kulowa ku UK kwa nthawi yoposa miyezi 6 abweretse satifiketi yosonyeza kuti alibe TB ya m'mapapo, ngati wakhala miyezi 6 kapena kuposerapo mosadukiza m'dziko kapena m'maiko a pa mndandanda wanu, ndipo gawo lina la nthawi imeneyo, ngakhale la masiku ochepa, lili mkati mwa miyezi 6 yomaliza asanapereke pempho. Malawi ali pa mndandandawo. Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa ali pomwepo. Visa yoyamba ya okwatirana imakhala ya miyezi 33, ndiye Mmalawi amene akukhala kwawo kuno alibe kolambalalira.

Tsamba lanu la pa intaneti la GOV.UK limatchula magulu atatu a anthu osayezetsa. Loyamba ndi la akazembe otumidwa ku UK. Lachiwiri ndi la anthu okhala kale ku UK amene akubwerera ndipo sadachokeko zaka zoposa 2. Magulu awiriwa alibe nawo gawo mkazi wa ku Ndirande kapena mwamuna wa ku Kasungu amene akufuna kutsatira mnzake. Lotsala ndi lachitatu lokha: munthu amene wakhala miyezi 6 kapena kuposa m'dziko limene silili pa mndandanda, ndipo sadachokeko nthawi yoposa miyezi 6. Pamenepa ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa kukhululukidwako sikuyendera pasipoti imene munthu ali nayo, kumayendera kumene thupi lake lakhala.

Taganizirani mtsikana wa Chimalawi amene akuphunzira ku Dublin. Dziko la Ireland silili pa mndandanda. Akapempha visa ali komweko sayezetsa, ngakhale pasipoti yake ndi ya Malawi. Akabwera kumudzi mu June kudzachita chinkhoswe ndi ukwati n'kubwerera mu September, sayezetsabe, poti miyezi 6 sinakwane. Koma mayi ake akadwala, iye n'kukhala pa matenda mpaka January, yakwana miyezi 7 ndipo kukhululukidwa kwatha. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti ngakhale abwerere ku Dublin mu February n'kupereka pempho mu March, satifiketi ikufunikabe, chifukwa masiku ake omaliza a ku Malawi akadali mkati mwa miyezi 6 yapitayo. Zipatala zovomerezeka nazo kawirikawiri zimapezeka m'maiko a pa mndandanda. Choncho mtsikanayu akadayenera kuyezetsa asanakwere ndege, apo ayi adikire kuti miyezi 6 idutse. Zimenezi palibe amene amamuuza nthawi ikadalipo.

Winanso ndi mnyamata amene wakhala ku Johannesburg zaka zambiri. Iye amadziona ngati wokhala kunja, ndiye amaganiza kuti lamulo la Amalawi silimukhudza. Limamukhudza, chifukwa South Africa ili pa mndandanda, kungoti akhoza kuyezetsa pa chipatala chovomerezeka cha komweko. Nayenso wa bizinesi amene wakhala miyezi 4 ku Lilongwe ndi miyezi 3 ku Lusaka sadapulumuke. Miyezi ya m'maiko a pa mndandanda imaphatikizidwa.

Vuto lalikulu pa gulu lachitatuli ndi umboni. Munthu akanena kuti wakhululukidwa, ayenera kusonyeza kumene wakhala, koma simunalembe momveka kuti umboni wokwanira ndi uti. Zidindo za pa malire, monga za pa Mchinji kapena pa Mwanza, zimafufutika kapena kudindidwa china pamwamba pa chinzake. Pasipoti ikasinthidwa, mbiri yonse ya maulendo imatsalira m'buku lakale. Ife timauza anthu kuti ajambule masamba onse a pasipoti yakale ndi yatsopano, aphatikize chiphaso chokhalira m'dziko linalo, mapepala a malipiro kapena kalata ya kusukulu, mgwirizano wa lendi, ndi kalata yaifupi yondandalika tsiku lolowa ndi lotuluka m'dziko lililonse. Koma awa ndi malangizo athu, si anu. Zotsatira zake, ena amene lamulo lidawakhululukira amayezetsabe poopa kukanidwa, n'kutaya ndalama pachabe, pamene ena amene akuyenera kuyezetsa amasiya. Tikupempha kuti mulembe poyera mapepala amene mumavomereza, muikeponso zitsanzo za kawerengedwe ka miyezi ngati taperekazi. Ndipo ofesala woona pempholo akakayikira, ayambe wafunsa wopemphayo kuti atumize umboni kapena akayezetse, m'malo mongokana. Kukana kuli ndi mtengo waukulu. Mu 2025 ndalama yopemphera visa imeneyi inali £1,938, ndipo siibwezedwa pempho likakanidwa. Imene imabwezedwa ndi ina yolipirira chithandizo cha zaumoyo ku UK, ya £1,035 pachaka. Apilo nayo imatha miyezi yambiri banja lili lopatukana.

Palinso chisokonezo cha ma visa a miyezi 6. Wopita kukacheza sayezetsa. Wopita ndi Marriage Visitor visa, kukamanga ukwati n'kubwerera, sayezetsanso. Koma wopita ndi visa ya chibwenzi cholonjezana ukwati, imene imalola munthu kukakwatirana n'kupempha kukhala komweko, ayenera kuyezetsa ngakhale nayo ndi ya miyezi 6. Anthu amamva zoti "ya miyezi 6 safuna TB" n'kugwera m'mbuna imeneyi. Ena amaganiza zopita ngati alendo kuti akasinthe visa ali konko, osadziwa kuti mlendo saloledwa kusinthira ku visa ya okwatirana ali mkati mwa UK. Amene amasintha ali konko popanda satifiketi ndi amene ali kale ndi visa yaitali, monga ya sukulu kapena ya ntchito.

Za ana n'zachidule. Mwana amene ali ndi pasipoti ya Britain safuna visa, ndiye sayezetsa. Mwana wopempha visa pamodzi ndi kholo lake amafunika satifiketi yakeyake. Ngati sadakwanitse zaka 11, kawirikawiri sajambulidwa, koma ayenera kuonekera kwa dokotala wa pa chipatala chovomerezeka, amene amafunsa za kutsokomola, kutentha thupi, kuonda ndi ngati m'nyumbamo muli wodwala TB. Makolo ambiri amamva kuti "ana sajambulidwa" n'kumusiya mwana kwa agogo ake kumudzi, ulendo n'kukhala wobwereza. Chiganizo chimodzi chomveka bwino chikhoza kuthetsa zimenezi.

Tsopano za amayi oyembekezera, zimene zatikakamiza kwambiri kulemba kalatayi. Mimba siikhululukitsa munthu. Mayi amapatsidwa njira zitatu: kujambulidwa atavala chotchinga mimba, zimene zimachitika mimba ikapitirira miyezi itatu yoyambirira, kupereka makhololo, zimene zikhoza kukhala ndi malipiro owonjezera ndipo zotsatira zimatenga mpaka masabata 8, kapena kudikira mpaka atachira, mwana atabadwa. Zikalembedwa choncho zimaoneka ngati mayiyo ali ndi ufulu wosankha. Tiyeni tiwerenge masabata.

Mayi wazindikira kuti ndi woyembekezera mimba ili ndi masabata 8, mwina mwamuna wake atangobwerera ku UK kuchokera ku tchuthi. X-ray sangajambulidwe panthawiyo. Akasankha makhololo, zotsatira zibwera mimba ili ndi masabata 16 kapena 17. Akatero apereka pempho, akapereka zidindo za zala, n'kuyamba kudikira yankho, limene inu mumati limatenga masabata 12. Yankho likubwera mimba ili pafupi masabata 30. Makampani ambiri a ndege amafuna kalata ya dokotala mimba ikapitirira masabata 28, ndipo salola kukwera ikafika masabata 36, kapena 32 ngati ndi mapasa. Ulendo wochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre si wa ndege imodzi, pamakhala kusintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mpata wotsala ndi wa masabata ochepa, ndipo chinthu chimodzi chikangolakwika, monga makhololo kuwonongeka ku labotale kapena ofesala kufunsa pepala lina, mpatawo watsekeka.

Akadikira kuti mimba ikwane masabata 13 kapena 14 n'kujambulidwa ndi chotchinga, satifiketi imatuluka m'masiku ochepa ngati chithunzi chili bwino, ndipo nthawi zambiri njira imeneyi ndiyo yachangu. Mphamvu ya X-ray ya m'chifuwa ndi yochepa kwambiri ndipo siilunjika pamimba. Koma amayi ambiri amaikana chifukwa palibe amene adakhala nawo pansi kuwafotokozera. Kunyumba apongozi ndi azakhali anena kale kuti makinawo awononga mwana, ndipo mayi amene mwina adapitapo padera sangaike mimba yake pachiswe chifukwa cha mawu a pa intaneti olembedwa m'Chingerezi. Ameneyu si wosazindikira. Akuteteza mwana wake ndi nzeru zimene wapatsidwa.

Njira yachitatu, yodikira kuchira, ndiyo yodula kuposa zonse ngakhale imaoneka yofatsa. Mwana abadwira kuno bambo ake kulibe. Ngati bamboyo ndi nzika ya Britain yobadwira konko kapena yopatsidwa unzika konko, mwanayo ndi nzika, koma afunika pasipoti ya Britain yopemphedwa ali kunja, imene ili ndi mapepala ake ndi nthawi yake. Ngati bamboyo ali ndi chilolezo chokhazikika chabe, osati unzika, mwana wobadwira kunja sakhala nzika, ndipo afunika visa yake ndi malipiro ake. Banja limene likadalipira munthu mmodzi lilipira awiri.

Pa amayi amenewa tikupempha zinthu zotheka. Pempho la mayi amene waphatikiza kalata ya kusikelo liziikidwa patsogolo popanda malipiro apadera. Amene wasankha makhololo chifukwa cha mimba asamalipiritsidwe ndalama yowonjezera, poti sadasankhe mwa kufuna. Pa chipatala chovomerezeka pazikhala namwino wofotokoza njira zitatuzi m'chilankhulo cha mayiyo, ndi kalendala m'manja, kuti aone yekha kumene njira iliyonse ikumufikitsa. Tikupemphanso akatswiri anu a zaumoyo a UK Health Security Agency aunike ngati mayi wopanda chizindikiro chilichonse sangayezedwe ndi makina a GeneXpert, amene ali kale m'zipatala zambiri za m'Malawi ndipo amatulutsa zotsatira m'maola ochepa. Tikudziwa kuti kumeretsa tizilombo ku labotale kumagwira TB yobisika kwambiri kuposa makinawa, n'chifukwa chake mumakukonda. Koma mayi yemweyo akhoza kujambulidwa kapena kuyezedwanso akafika, ndipo phindu la masabata 8 amenewo kwa iye ndi lalikulu.

Gulu lina lovutika ndi la anthu amene adadwalapo TB n'kumaliza mankhwala. Ambiri amabwera ndi chikhulupiriro choti popeza adachira, khadi lawo la mankhwala liwakhululukitsa. Sizitero. TB imasiya zipsera m'mapapo, makamaka chakumtunda, ndipo pa chithunzi chipsera chakale ndi matenda atsopano zikhoza kufanana. Chibayo chakale nacho chimasiya mthunzi, chimodzimodzi fumbi la m'migodi kwa amene adagwirako ntchito. Dokotala akaona mthunzi wokayikitsa amalamula makhololo, ndipo apa m'pamene ulendo wa tsiku limodzi umasanduka wa miyezi iwiri.

Makhololowo amaperekedwa katatu, m'mawa masiku atatu otsatizana, pa chipatala pomwepo wachipatala akuona. Sabwera nawo m'botolo kuchokera kunyumba. Munthu amafika asanadye, amachukucha m'kamwa ndi madzi, amapuma mozama kangapo, kenako n'kutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa. Chovuta n'chakuti munthu wabwinobwino alibe makhololo. Amakhosomola mpaka misozi, m'kabotolo n'kugwera malovu okhaokha, ndipo malovu labotale siiwalandira. Pamene pali zipangizo, amamupumitsa nthunzi ya madzi a mchere kuti chifuwa chimasuke. Kenako makhololowo amaonedwa pa makina oonera tizilombo n'kuikidwa kuti amere, ndipo poti kachilombo ka TB kamakula pang'onopang'ono, labotale siinganene kuti mulibe kanthu masabata asanakwane. Tizilombo tina ta m'kamwa tikamera m'botolomo, zonse zimayambiranso. Kwa munthu wochokera ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Likoma, masiku atatu amenewa ndi ndalama ya basi, ya malo ogona ndi ya chakudya, zimene sadaziwerengere chifukwa adauzidwa kuti n'kungojambulitsa basi.

Kubisa mbiri ya matenda sikuthandiza, chithunzi chimaulula. Chothandiza n'kubwera ndi khadi la TB, buku la kuchipatala, ndi zithunzi zakale ngati zilipo, kuti dokotala afananize. Apa tikutembenukira kwa inu a Unduna wa Zaumoyo. Khadi la munthu amene adamwa mankhwala zaka 8 zapitazo nthawi zambiri lidatayika, lidanyowa kapena lidadyedwa ndi chiswe, koma dzina lake lili m'kaundula wa TB pa chipatala chimene ankalandirira mankhwala. Tikupempha kuti pakhale kalata ya mtundu umodzi dziko lonse, yoperekedwa ndi ofesi ya TB ya pa boma, yonena tsiku loyamba ndi lomaliza mankhwala, mtundu wa mankhwalawo, zotsatira za makhololo ndi mmene chithandizo chidathera. Izituluka m'masiku owerengeka, ndipo munthu asamachite kupempha ngati akupempha chifundo.

Wopezeka ndi TB yeniyeni sapatsidwa satifiketi. Amatumizidwa kukayamba mankhwala, amene m'zipatala za boma ndi aulere: miyezi 2 ya mankhwala anayi, kenako miyezi 4 ya mankhwala awiri, ngati TB yake si yosamva mankhwala. Akamaliza amabwerera kukayezedwanso. Izi n'zoyenera ndipo sitikupempha kuti zisinthe. Tikungopempha kuti munthuyo aziuzidwa momveka kuti TB siitseka khomo la visa mpaka kalekale, chifukwa ena akamva zotsatira amataya mtima, ena amathamangira kwa dobadoba.

Nkhani ina ndi ya masiku amene amawombana. Satifiketi imagwira ntchito miyezi 6 kuchokera tsiku lojambulidwa, osati tsiku loilandira, ndiye amene wadikira makhololo masabata 8 amailandira itadyeka kale miyezi iwiri. Mbali inayi, mwamuna kapena mkazi wa ku UK ayenera kusonyeza kuti amapeza £29,000 pachaka, malire amene adakwera kuchoka pa £18,600 mu April 2024, ndipo pepala lake lomaliza la malipiro ndi la kubanki lisapitirire masiku 28 pa tsiku lopereka pempho. Tsiku limenelo ndi limene fomu yatumizidwa ndi kulipiridwa pa intaneti, osati lopereka zidindo za zala. Maanja ambiri amayamba ndi kusonkhanitsa mapepala a ndalama, TB n'kuisiya kumapeto poganiza kuti ndi ya tsiku limodzi. Makhololo akalamulidwa, mapepala a ndalama aja amatha ntchito. Ena amalipira fomu satifiketi isanatuluke, n'kupezeka kuti pa tsiku la pempho analibe satifiketi. Dongosolo labwino n'kuyamba ndi mayeso a Chingerezi a mlingo woyambirira wa A1, amene amakhala zaka 2, kenako TB, kenako mapepala a ndalama, fomu n'kubwera pomaliza satifiketi ili m'manja. Dongosolo limeneli mulilembe pamwamba pa fomu. Ndipo kwa amene adutsa njira ya makhololo, miyezi 6 iziyambira tsiku limene zotsatira zatuluka.

Tizolakwika ting'onoting'ono natonso timagwetsa anthu. Mkazi amalembetsa dzina la mwamuna wake pa chipatala pamene pasipoti ikadali ndi dzina la bambo ake. Wina amasintha pasipoti pakati pa kuyezetsa ndi kupempha, nambala n'kusiyana. Tsiku lobadwa limatembenuzidwa, mwezi kukhala tsiku. Wopita kukayezetsa atenge pasipoti yeniyeniyo, zithunzi zimene chipatala chafuna ndi adiresi ya kumene akakhale ku UK, ndipo asatuluke pa geti asanawerenge chilembo chilichonse cha pa satifiketi. Paulendo aisunge m'chikwama cha m'manja, poti akhoza kufunsidwa pofika.

M'malamulo anu muli ndime imene ambiri saidziwa. Imalola ofesala kuchotsa lamulo la satifiketi ngati wakhutira kuti wopemphayo sangathe kuipeza ndipo n'koyenera kutero poona nkhani yake. Ndime imeneyi ndi yabwino, koma siinena kuti munthu apemphe bwanji, alembere ndani, aphatikize chiyani. Zipatala zovomerezeka ndi zochepa ndipo zili m'mizinda. Makina akawonongeka, labotale ikasowa zipangizo, misewu ikaduka ngati mmene zidachitikira kum'mwera ndi namondwe wa Freddy mu 2023, kapena zipatala zikatsekedwa ngati nthawi ya Covid-19, munthu achite chiyani? Nanga wolumala kapena wodwala matenda ena amene sangayende ulendo wautali? Tikupempha kuti pa fomu pakhale malo opemphera kukhululukidwa kumeneku, mutchule zitsanzo za zifukwa zimene mumazimva, ndipo yankho lizibwera munthu asanataye ndalama yonse ya visa. Muwonjezerenso zipatala zovomerezeka kuti chigawo chilichonse cha dziko lino chikhale ndi pofikira pafupi. X-ray ya pa chipatala chimene sichili pa mndandanda wanu siigwira ntchito ngakhale itawerengedwa ndi dokotala wodziwa chotani, ndiye kuchepa kwa malo ovomerezeka ndi mtolo umene mudauika ndinu.

Tinenepo za mphekesera imene ikuwononga miyoyo. Anthu ambiri amakhulupirira kuti pa kuyezetsaku amatenganso magazi mobisa kuti aone HIV, ndipo wopezeka nako amakanidwa visa. Si zoona. Visa ya okwatirana ya UK siifuna kuyezetsa HIV, ndipo satifiketi imanena za TB ya m'mapapo yokha. Mphekeserayi imachokera ku kusakaniza malamulo a maiko. Australia imayeza HIV kwa opempha visa ya okwatirana a zaka 15 kupita m'tsogolo. America imayeza thupi lonse ndi kuona za katemera, ngakhale idachotsa HIV pa zoletsa kulowa mu 2010. South Africa idasiya kufuna lipoti la X-ray pa ma visa ake mu 2023, ndiye ena amati "X-ray adathetsa" n'kuganiza kuti ndi ku UK komwe. Chifukwa cha mantha, munthu amene ali pa ma ARV amabisa kwa dokotala, pamene dokotalayo akadadziwa akadawerenga chithunzi chake ndi diso loyenera. Wina amafika posiya kumwa mankhwala poganiza kuti asaoneke m'magazi. Palinso oganiza kuti chipsera cha katemera wa BCG pamkono chimakhululukitsa. Sichitero.

Pamene pali mantha otere, dobadoba amapeza msika. Amalonjeza satifiketi yosayezetsa, kapena kutumiza munthu wina kukajambulidwa m'malo mwa mwini pasipoti. Wogwidwa ndi pepala lachinyengo amakanidwa, ndipo bodzalo limamutsata pa mapempho ena, ngakhale a ulendo wokacheza, mpaka zaka 10. Ngati analidi ndi TB, wakwera nayo ndege kukaipereka kwa mkazi wake ndi ana ake. Kulanga ogwidwa n'koyenera, koma msikawu ungachepe kwambiri anthu atadziwa kuti chipsera sichikanitsa visa, HIV siifunsidwa, ndipo TB ikachizidwa khomo limatseguka.

Pomwe munthu akulandira satifiketi, auzidwenso kuti pepalalo silikunena kuti m'thupi mwake mulibiretu kachilombo. Pali TB yogona, yosadwalitsa ndi yosapatsirana, imene X-ray siiona ndipo ikhoza kudzuka patapita zaka. Ku England anthu a zaka 16 mpaka 35 ongofika kumene kuchokera kumaiko ngati athu amatha kuyezedwa magazi kwaulere m'madera ambiri akalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lawo, ndipo zotsatira zake sizikhudza visa. Ambiri akalandira kalata yowaitana amaibisa poopa kubwezedwa kwawo.

Zambiri mwa zimene tapemphazi zikhoza kuyamba ndi pepala limodzi la masamba awiri, lolembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, loikidwa pa GOV.UK, pa malo operekera zidindo za zala ndi pa zipatala zovomerezeka. Linene amene sayezetsa ndi kawerengedwe ka miyezi yake, linene za ana, za amayi oyembekezera ndi masabata awo, za amene adadwalapo TB, za HIV, ndi dongosolo loyenera kutsata. A Unduna wa Zaumoyo ali ndi anthu odziwa kulemba uthenga wa TB m'zilankhulo zimenezi, ndipo ofesi ya Kazembe ku Lilongwe ikhoza kuwakumanitsa ndi a Home Office. Ifenso tili okonzeka kuliwerenga lisanasindikizidwe ndi kuliyesa pa anthu amene akukonzekera kupempha visa.

Ndife anu,

Othandiza maanja pa zikalata za visa, pamodzi ndi ogwira ntchito ya chifuwa chachikulu